Windows 11 Itangofika: Maso Anakondwa, Zala Zinadandaula

Pa 5 Okutobala 2021 kampani ya Microsoft inayamba kupereka Windows 11 kwaulere kwa anthu omwe ankagwiritsa ntchito Windows 10. Koma madandaulo anali atayamba kale. Pa 24 Juni, tsiku lomwe kampaniyi inalengeza za Windows yatsopanoyi, inatulutsanso kapulogalamu kotchedwa PC Health Check koyezera ngati kompyuta ingailandire. Anthu ambiri okhala ndi makina abwinobwino anangouzidwa kuti makinawo sakuyenera, popanda kufotokoza chifukwa. Phokoso litakula, kapulogalamuko kanachotsedwa patangotha masiku ochepa kuti kakakonzedwe.

Gwero lake linali kachipangizo kotchedwa TPM 2.0, komwe kamasunga makiyi achinsinsi oteteza zomwe zili m'kompyuta. Windows 11 imafuna kuti kakhalepo, imafunanso purosesa yatsopanoko: ya Intel kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu, womwe unatuluka mu 2017, kapena ya AMD kuyambira Ryzen 2000. Ena anapeza kuti TPM ali nayo, kungoti inali yozimitsa, ndipo ataiyatsa m'makonzedwe a kompyuta otchedwa BIOS njira inatseguka. Ena anatsala panja, ngakhale laputopu yawo inali ndi zaka zinayi kapena zisanu zokha.

Amene analowa anayamba ndi kuyamikira. Mawindo anali ndi ngodya zobulungira, zinthu zinali zoyalidwa mwaukhondo, ndipo timabokosi tophethira tomwe tinkadzaza Start ya Windows 10 tinali titachoka. Chomwe chinakondedwa kwambiri ndi Snap Layouts, njira yogawira sikirini kuti mapulogalamu awiri, atatu kapena anayi akhale pambali ndi pambali. Kwa mlembi amene akukopera manambala kuchokera mu Excel kupita mu Word, ichi ndi chithandizo chenicheni.

Vuto linaonekera ntchito itayamba. Batani la Start, lomwe linkakhala kumanzere kuyambira pa Windows 95, linasamukira chapakati. Ili silinavute kwenikweni, chifukwa munthu amatha kulibwezera pamalo pake. Zomwe zinawawa ndi zimene zinalandidwiratu. Taskbar, kamzere ka m'munsi kaja, sinkathekanso kusunthidwira pamwamba kapena m'mbali. Kukoka fayilo ndi mausi n'kukaiponya pa pulogalamu yomwe ili pa kamzereko kunaleka kugwira. Ukadina batani lakumanja la mausi, pankabwera mndandanda waufupi, ndipo zambiri zomwe anthu anazolowera zinabisika kuseri kwa mawu akuti Show more options. Zikumveka zazing'ono, koma munthu wa mu ofesi amachita zimenezi kambirimbiri pa tsiku, osaganizira n'komwe. Zinali ngati kulowa m'khitchini mwako n'kupeza wina wasesa bwino, koma wasintha malo a mthiko ndi chipande.

Kusiya Edge ya Microsoft n'kusankha Chrome kapena Firefox ngati pulogalamu yotsegulira intaneti kunasanduka ntchito, chifukwa pankafunika kusintha mtundu uliwonse wa fayilo paokha. Apa anthu anali ndi chifukwa chomveka chokwiyira, poti palibe chitetezo chilichonse chomwe chinkafuna zimenezo.

Okhala ndi mapurosesa a Ryzen anakumana ndi vuto lawo. AMD yeniyo inavomereza kuti mapulogalamu ena ankachedwa ndi 3 mpaka 5 peresenti, ndipo magemu ena mpaka 15 peresenti. Vutoli linakonzedwa mwezi womwewo usanathe.

Madandaulo a anthu oyambirirawa sanapite pachabe. Mu 2022 kusankha pulogalamu ya intaneti kunapepukitsidwa, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho kukoka fayilo kupita pa taskbar kunabwerera. Koma lamulo la TPM ndi purosesa silinasunthe, ndipo ndi lomwe likutikhudza kuno kwathu, kumene malaputopu ambiri a m'masitolo a ku Lilongwe, Blantyre ndi Lusaka ndi ogwiritsidwa kale ntchito kunja. Microsoft inasiya kutumiza zotetezera Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa omwe analembetsa dongosolo lapadera lowonjezera nthawi. Choncho musanapereke ndalama pa laputopu yakaunjika, uzani wogulitsa aiyatse, muone m'badwo wa purosesa yake, ndipo mutsimikize kuti TPM 2.0 ilimo.