Kufika m'Kalasi ndi Kutsegula Pakamwa

M'mawa mabasi ocokera ku Chelstone amadzera mu mseu wa Great East Road, ndipo ena mwa anyamata ndi atsikana okweramo amatsikira pa Yunivesite ya Zambia, imene inatsegulidwa m'caka ca 1966. Makolo ao, a mu Lusaka ndi a ku migodi omwe, amaononga ndalama zambiri kuti anawo aphunzire. Koma pa sukulu yaikulu yotere palibe kapitao woitana maina pacipata, ndipo wophunzira angayese kuti kujomba tsiku limodzi kulibe kanthu, popeza adzakopera zimene mnzace walemba.

Ganizo limeneli linali ndi pogwira pamene mphunzitsi anali kulankhula yekha ola lathunthu, ophunzira nangolemba. Tsopano m'maiko ambiri mwafala njira yina. Mmodzi wa oiyambitsa ndiye Eric Mazur wa ku Harvard, m'dziko la America, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990. Mphunzitsi afunsa funso, ali yense nayankha payekha. Pambuyo pace akambirana ndi wokhala naye pafupi, nayankhanso kaciwiri. Pa kutsutsana kumeneko mpamene wophunzira amaona pomwe nzeru zace zinasokera.

M'caka ca 2014 Scott Freeman ndi anzace anasonkhanitsa zofufuza 225 za maphunziro a sayansi, masamu ndi uinjiniya. Anapeza kuti kumene ophunzira anali kungomvetsera, 34 mwa 100 analephera. Kumene anali kuyankha ndi kukambirana, analephera 22 okha.

Tsono phindu lotere silipezeka m'kope la mnzako. Mnyamata watsopano pa mgodi sadziwa kucirikiza mwala pakumva nkhani ku komboni. Ayenera kutsika pansi ndi kugwira nchito pamodzi ndi odziwa. Momwemonso wojomba ataya phunziro lenilenilo. Marcus Credé ndi anzace anaonetsa m'caka ca 2010 kuti kufika m'kalasi kumalosera mapambanidwe a wophunzira bwino koposa mamalikisi amene anatenga ku sekondale.

Koma kufika kokha sikukwanira. Wokhala kumbuyo ali cete, poopa kusekedwa, afanana ndi wojomba. Akale anati safunsa anadya phula. Nzoona kuti kuyankha kumatopetsa: ku Harvard komweko m'caka ca 2019 ophunzira a m'makalasi okambirana anayesa kuti aphunzira zocepa, koma pa mayeso anaposa anzao ongomvetsera. Cotero thukutalo si cizindikiro ca kulephera ai.

Cifukwa cace kholo liwerenge ndalama ya basi ngati gawo la fizi, pakuti mwana wosowa ndalamayo adzakhala kunyumba. Ndipo madzulo, mwanayo akabwera, kholo lanzeru limfunse funso limene wayankha tsiku limenelo, ndi amene watsutsana naye.