Sukulu Yaukachenjede Yodutsa Malire

Kale munthu wofuna digiri ya dziko lina ankamanga katundu, natsazika abale, nakakhala kunja zaka zingapo. Koma m'chaka cha 1946 sukulu yaukachenjede ya University of South Africa, imene ambiri amaitchula kuti UNISA, idayamba kuphunzitsa anthu ali kwawo kudzera m'makalata. Wophunzira ankalandira mabuku papositi, nalemba mayankho ake usiku pa nyali ya parafini, nawatumiza ku Pretoria, ndipo pankapita masabata asanamve m'mene wakhozera.

Lero ntchito ya positi ija yatengedwa ndi intaneti. Mphunzitsi wa ku Dowa angathe kumvera phunziro pa lamya ya m'manja, ndipo m'chaka cha 2020, mliri wa Covid-19 utabuka, UNISA idayamba kulembetsa ngakhale mayeso pa kompyuta.

Komabe makina sadachotse zovuta zonse. Choyamba ndi magetsi: akazima pakati pa mayeso, khama la miyezi yambiri lingathere pomwepo. Chachiŵiri ndi njira imene intaneti imadzera. Popeza Malaŵi alibe gombe la nyanja yamchere, amadalira zingwe zodzera m'maiko oyandikana nawo monga Tanzania ndi Mozambique. Zingwe ziŵiri za pansi pa nyanja zitaduka m'mwezi wa May 2024, intaneti idavuta m'maiko angapo, Malaŵi ali m'gulumo. Chachitatu ndi ndalama, pakuti fizi ya sukulu yakunja salipira m'makwacha. Pamene kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, wophunzira aliyense wotere adagona ndi mtengo wina nadzuka ndi wina.

Vuto loposa onseŵa ndi la satifiketi. Phunziro limadutsa malire m'kuphethira kwa diso, koma pepala la digiri liyenera kuvomerezedwa ndi dziko limene mwini wake akufunako ntchito. Ndipo pa intaneti pali sukulu zina zachinyengo zimene zimangogulitsa mapepala. Maiko a mu Afrika adapangana za kuvomerezana madigiri ku Addis Ababa mu 2014, ndipo ku Malaŵi ntchitoyi ili m'manja mwa bungwe la National Council for Higher Education, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011.

Tsono kholo lisanagulitse ng'ombe, kapena wantchito asanatenge ngongole, nkwanzeru kuyamba wafunsa ku bungweli ngati sukuluyo ndi yovomerezeka. Paja akulu adati safunsa adadya phula.