Ntchito ya khonsolo yoteteza chilengedwe imafika mpaka ku sikelo ya amayi

Mukamva kuti a khonsolo aitanitsa msonkhano wa zachilengedwe, mwina mumati zimenezo n'za mafumu ndi alangizi a zankhalango. Ife anamwino ndi azamba timaona zina. Mitengo ikatha m'phiri, zotsatira zake zimatipeza ku sikelo ya amayi oyembekezera ndi ku wodi ya ana.

Malomo si mzinda ngati Lilongwe. Ali pansi pa khonsolo ya boma la Ntchisi, ndipo malinga ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998, khonsolo ndiyo imayang'anira misika, zinyalala, ukhondo ndi mapulani a chitukuko. Maganizo anu amafika kumeneko kudzera m'makomiti a VDC ndi ADC komanso kwa khansala wa dera lanu. Tiyeni tione ntchito zitatu zimene zili m'manja mwa khonsolo ndi momwe zimakhudzira thanzi la banja lanu.

Madzi ayambe alowa pansi

Ambiri mwaiona ntchito ya Mbwezera Chilengedwe, imene makhonsolo akuyendetsa ndi thandizo la World Bank. Anthu amakumba maswale, kuyala miyala mopingasa mtsetse, kutseka zigwembe, kudzala udzu wa vetiva ndi kusamalira zitsa kuti ziphukire. Ena amangoyang'ana kandalama kamene amalandira, koma phindu lalikulu lili pansi pa nthaka.

Kumapiri kuno mvula ikagwa pamalo opanda mitengo, madzi amathamangira ku mitsinje yothira mu Bua atakokolola nthaka yachonde. Akaimitsidwa ndi swale amalowa pansi, ndipo ndi omwewo amene mjigo umatulutsa mu Okutobala. Mjigo ukaphwa, amayi amabwerera ku zitsime zosatetezedwa, ndipo matenda otsekula m'mimba sachedwa. Zigwembe nazo zikakula zimadula msewu. Mayi amene matenda amuyamba usiku wamvula, kapena akutaya magazi atachira, alibe nthawi yodikira kuti galimoto izungulire njira ina. N'chifukwa chake timapempha amayi a kutali kuti azibwera msanga ku chidikiro, komabe msewu wabwino umafunika kwa aliyense.

Nkhuni ndi utsi

Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo. Chaka ndi chaka timadzala, koma funsani mu Ogasiti kuti yapulumuka ingati ku mbuzi ndi moto wolusa. Nkhalango ya Ntchisi, imene ili m'gulu la nkhalango zachilengedwe zochepa zotsala m'dziko muno, siingapirire ngati mudzi uliwonse ulibe nkhalango yakeyake yopezamo nkhuni ndi milimo ya zigafa za fodya.

Nkhuni zikatalikira, amene amasenza mtolo ndi mayi, ngakhale ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Akafika kunyumba amaphika pa mafuwa m'khitchini yopanda zenera, mwana ali kumsana. Utsi umenewu umaonjezera chiopsezo cha chibayo kwa ana, komanso cha kubadwa kwa mwana wochepa sikelo.

Chitetezo mbaula imathandiza chifukwa imadya nkhuni zochepa. Koma musaiyese mankhwala. Kafukufuku wamkulu amene adachitika ku Chikwawa ndi ku Karonga, zotsatira zake zitatuluka mu 2016, adapeza kuti mbaula zamakono pazokha sizidachepetse chibayo pakati pa ana. Choncho gwiritsani ntchito mbaula, koma phikirani panja kapena m'khitchini yopita mphepo, nkhuni zikhale zouma, ndipo khanda likhale kutali ndi utsi. Katemera asadumphidwe.

Zinyalala za pamsika

Aliyense wogulitsa pamsika amadula chiphaso cha khonsolo. Ndi ufulu wanu kufunsa ngati pali dzala, chimbudzi chaukhondo ndi malo osamba m'manja. Boma lidaletsa majumbo opyapyala mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo lidagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Majumbo amenewa amatseka ngalande, madzi n'kudikha, udzudzu n'kuswana. Malungo kwa mayi woyembekezera amachepetsa magazi ndipo angachititse kuti apite padera. Tisaiwalenso kolera ya 2022 ndi 2023, imene idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Matendawa amakonda pamene pali anthu ambiri koma ukhondo ulibe mwini.

Mbali yanu

M'kalata yawo ya Laudato Si' ya 2015, Papa Francis adatikumbutsa kuti chilengedwe chikaonongeka, oyamba kuvutika ndi osauka. Kwathu kuno tingaonjeze kuti pakati pa osaukawo, oyamba ndi amayi ndi makanda.

Ndiye msonkhano wa VDC ukaitanidwa, pitani, makamaka inu amayi, poti mtunda wa kumjigo ndi kunkhuni mumaudziwa ndinu. Funsani kuti mitengo ya chaka chatha yatsala ingati, ndani akuisamalira, ndipo malamulo a m'mudzi oletsa kulima m'mphepete mwa mtsinje akutsatidwa bwanji. Inu abambo, swale ya m'munda mwanu ikakwiririka, ikonzeni osadikira malipiro. Ku mphakati, gwirizanani zokhala ndi nazale yanu, ndipo pemphani upangiri kwa alangizi a zankhalango kapena a CADECOM.

Khonsolo ili ndi mapulani, koma antchito ake ndi ochepa poyerekeza ndi kukula kwa boma. Mtengo umene wadzalidwa mu Januwale udzafika chaka chamawa pokhapokha wina wa m'mudzi momwemo ataulambulira udzu moto usanafike.