Apongozi abwera kucokera ku Malawi: pacidindo pali masiku angati?

Mu Cawama, Kanyama na George muli nyumba zambiri zimene mwamuna ni wa kuno, mkazi ni wa ku Mchinji kapena Kasungu. Zina, mwamuna ndiye wa ku Malawi. Za cikondi zinatha kale, ana ali pasukulu. Nkhani imavuta pamene kumudzi kwacitika maliro, amai atsala okha, maso ayamba kuvuta, ndipo banja ligwirizana kuti abwere akhale nafe ku Lusaka.

Kwa ife Acewa palibe cacilendo apa. Caka ciliconse mu August anthu a ku Zambia, Malawi na Mozambique amakumana ku Mkaika, ku Katete, pa Kulamba, pamaso pa Kalonga Gawa Undi mmodzi yemweyo. Koma ofisala wa pa Mwami safunsa mfunda wanu. Amaona pasipoti.

Munthu wa ku Malawi safunika viza kuti alowe mu Zambia, ndipo apa ndiye pamene ambiri amagonera. Kusafunika viza sikutanthauza kuti mungakhale mpaka kalekale. Mlendo wamba amaloledwa masiku 90 pa miyezi 12, ndipo kambiri pa boda samupatsa onse nthawi imodzi. Amadinda masiku 30 kapena ocepera, otsalawo mumakawonjezera ku ofesi ya Immigration tsikulo lisanakwane. Manje ganizirani agogo amene sawerenga, pasipoti anaimanga pacitenje n'kuiika pansi pa sutikesi. Ndani awerenga masikuwo? Ndaona mabanja amene amakumbukira tsiku la renti na la cilimba bwinobwino, koma tsiku la pacidindo palibe alidziwa.

Funso limene ndimalimva kwambiri m'basi ya ku Matero ni lakuti, nanga si mkazi wanga ali na mapepala? Inde ali nawo, koma ni ake. Pansi pa Immigration and Deportation Act ya 2010, wokwatiwa kapena wokwatira mzika ya Zambia amapatsidwa Spouse Permit, ndipo akaisunga zaka zisanu angapemphe Residence Permit, cilolezo cokhazikika. Pepala limeneli silifunda apongozi monga bulangeti. Iwo afunika lao.

Ndiponso Spouse Permit imafuna umboni wa cikwati. Ngati munangolipira cimalo, ankhoswe n'kudya nkhuku, pitani ku Local Court mukatenge setifiketi. Mabanja ena amadziwira pa nkhani ya apongozi kuti ngakhale mwana waoyo wakhala zaka mu komboni alibe pepala lililonse. Zikatero, yambani na iye.

Kwa apongozi, khomo loyamba masiku 90 akatsala pang'ono kutha ni Visiting Permit. Ni ya miyezi itatu, ingawonjezedwe, koma si ya muyaya, ndipo imalipiridwa. Siilola kugwira nchito, conco ganizirani kawiri musanawaikire kathebulo ka tomato pa City Market. Ngati cofuna canu n'cakuti akhaliretu, imeneyo ni nkhani ya Residence Permit, ndipo iyenera kufunsidwa kwa eni ake, ku Kent Building pa Haile Selassie Avenue, kapena pa webusaiti ya Department of Immigration pamene mafomu amadzazidwa masiku ano. Pitani mutanyamula pasipoti yao, NRC yanu, setifiketi ya cikwati, cilolezo ca mkazi kapena mwamuna wanu, na ciliconse cosonyeza kuti ndinu amene mumawasunga. Ndalama lipirani pamene boma lanena, mutenge lisiti. Anyamata amene amaima panja n'kumalonjeza kuti zonse zitha mawa, asiyeni.

Pali njira ziwiri zacidule zimene zimanong'onedwa mu komboni, ndipo zonse n'zoipa. Yoyamba ni kubwera na border pass. Kapepala kameneko n'ka anthu a m'mbali mwa malire, oyenda pafupi, osati ka munthu wokwera basi mpaka pa Intercity. Yaciwiri ni kuwatengera NRC yobiriwira, n'kunama kuti anabadwira ku Chadiza, kaili cilankhulo n'cimodzi. Umenewo ni mlandu, kwa iwo na kwa amene anawaikira umboni. Kusunga munthu amene masiku ake anatha nakonso lamulo limaletsa. Agogo a zaka 70 amene anabwera kudzaona adzukulu angapezeke ali pa benci ya polisi, kenako m'galimoto yobwerera ku Mwami, osati cifukwa ca kuba, koma cifukwa ana ao anaopa mzere wa mu ofesi.

Ine ndiona kuti boma nalo lili na mbali yake. Mu December 2022, a Hakainde Hichilema na a Lazarus Chakwera anatsegula boda yatsopano ya Mwami na Mchinji kuti magalimoto a katundu azidutsa msanga. Zabwino. Koma malamulo okhudza anthu akali m'Cizungu ca maloya na pa intaneti, pamene owafuna ali mu Mtendere na foni ya mabatani. Kapepala kamodzi ka m'Cinyanja, kopatsidwa pa boda pamodzi na cidindo, kakanathandiza mabanja ambiri.

Pakali pano, ngati apongozi ali kale panyumba, mukatsika basi madzulo ano apempheni pasipoti mwaulemu, mutsegule tsamba la cidindo comaliza, tsikulo mulilembe pa kalenda ya pacipupa.