Nthenda Yobisala Pamwamba pa Impso

Tsiku lina, pamene tinali kuphunzira za ziwalo za thupi la munthu, aphunzitsi athu a sayansi anatifunsa kuti, "Kodi munthu akakumana ndi njoka panjira, nchiyani chimene chigunditsa mtima wake ngati ng'oma?" Tonse tinayankha kuti ndi mantha. Iwo anaseka, nati mantha alibe manja ogwirira mtima. Kuchokera pa funso limeneli anatifotokozera za nthenda ina yodabwitsa, ndipo ine ndaona kuti nkwabwino kulemba zimene ndinamva ndi kuwerenga, kuti anzanga a m'makalasi ena nawonso amveko.

Pamwamba pa impso iriyonse pali kachiwalo kakang'ono, kolemera ngati magalamu 5 okha, kamene madotolo akatcha adrenal. M'kati mwake mupangidwa madzi amphamvu otchedwa adrenaline ndi noradrenaline. Munthu akaopsedwa, kachiwaloka kathira madziwa m'mwazi. Pomwepo mtima ufulumira, mitsempha ya mwazi ifinyika, ndipo munthu apeza mphamvu ya kuthawa kapena kumenyana. Choopsa chikapita, kachiwaloka kaleka, thupi nilikhalanso monga kale.

Koma nthawi zina m'kachiwaloka mumera chotupa chotchedwa pheochromocytoma, dzina limene anapereka ndi Ludwig Pick wa ku Berlin m'chaka cha 1912. Chotupachi chipanga madzi aja mopitirira muyeso, nichiwathira m'mwazi popanda njoka, popanda choopsa chirichonse. Munthu angakhale ali phee pamphasa, mwadzidzidzi mutu uyamba kuwawa koopsa, thukuta lituluka ngati wachokera kumunda, mtima ugunda mwamphamvu, nkhope ituwa, ndipo agwidwa ndi mantha ngati imfa yafika. Zitero kwa mphindi zingapo, mwina ola lathunthu, kenaka zileka. Dotolo akamuyeza nthawi yomweyo apeza kuti mwazi ukuthamanga koposa. Akamuyeza m'mawa mwake mwina apeza zonse ziri bwino. Nchifukwa chake nthendayi inyenga anthu ambiri.

Tsono ngozi yake ndi iyi. Mitsempha ikafinyika kwambiri, mtima ukankha mwazi movutika, monga munthu wopopa madzi m'paipi yopindika. Mtsempha wa mu ubongo ungathe kuphulika, munthu nafa ziwalo. Mtima ungathe kugunda mosokonezeka kapena kufooka, madzi nadzaza m'mapapo, munthu nalephera kupuma. Zinthu zimene ziutsa chotupachi ndi zazing'ono zedi, monga kuwerama ndi kunyamula katundu wolemera. Zina ndi kubereka mwana, mankhwala ogonetsa pa opaleshoni ya nthenda ina, ndi mankhwala ena oletsa kusanza. Ngakhale anthu akuluakulu okhala ndi madotolo anzeru chinawabisalira. Dwight Eisenhower, amene anali pulezidenti wa America, anadwala mtima m'chaka cha 1955 ndiponso zaka zina pambuyo pake, koma chotupa cha mtundu umenewu, chosafika ndi masentimita 2 omwe, anachipeza m'thupi mwake atamwalira kale m'chaka cha 1969.

Nkhani imene inandigwira mtima koposa ndi ya mtsikana wina wa zaka 18 wa m'mudzi wina wa ku Germany. Iye ankavutika ndi kugunda kwa mtima, mutu, kusanza ndi kusaona bwino, ndipo anamwalira m'chipatala cha mu mzinda wa Freiburg m'chaka cha 1884. Atang'amba mtembo wake anapeza zotupa pamwamba pa impso zonse ziwiri, ndipo Felix Fränkel analemba za iye m'chaka cha 1886. Panapita zaka zoposa 120. Pamenepo madotolo a mu mzinda womwewo, motsogozedwa ndi Hartmut Neumann, anafunafuna zidzukulu za abale ake a mtsikanayo. M'chaka cha 2007 analengeza kuti ena a m'banjalo anali ndi chilema m'jini yotchedwa RET, ndi kuti pakati pao panali odwala chotupa chomwechi ndi khansa ya chithokomiro cha pakhosi. Taonani, nthenda imene inapha mtsikana uja inali kuyendabe m'banja mwao mibadwo yonseyi!

Jini ndiyo kambewu ka chibadwa kamene titenga kwa makolo athu, kamene kauza thupi m'mene liyenera kukulira. Mwa odwala atatu a chotupachi, mmodzi amakhala atachitengera kwa makolo. Nthenda ya banja la mtsikana uja itchedwa MEN 2. John Sipple wa ku America ndiye anaonetsa m'chaka cha 1961 kuti chotupa cha adrenal ndi khansa ya chithokomiro zimayendera pamodzi, ndipo m'chaka cha 1993 anthu anazindikira kuti gwero lake ndi jini ya RET. Pafupifupi onse obadwa ndi chilemachi adwala khansa ya chithokomiro akapanda kuthandizidwa, ndipo theka la iwo amera chotupa pamwamba pa impso. Palinso nthenda zina za pamtundu zobala chotupa chomwechi, monga ya von Hippel-Lindau, imene imeretsanso zotupa m'maso, mu ubongo ndi mu impso.

Kholo likakhala ndi jini yolumalayi, mwana aliyense angathe kuitenga kapena kusaitenga, monga ndalama yoponyedwa m'mwamba imene igwera mbali iyi kapena iyo. Siisankha mwana wamwamuna kapena wamkazi iai, ndipo ichokera kuchimuna ndi kuchikazi komwe.

Nanga chithandizo chiripo? Inde chiripo. Dotolo ayeza mwazi, kapena mkodzo wosungidwa usana ndi usiku wathunthu, kuti aone zotsalira za madzi aja zotchedwa metanephrines. Zikachuluka, ajambula m'mimba ndi makina a CT kapena MRI kuti aone pamene chotupa chiri. Mankhwala ake enieni ndi kuchichotsa, ndipo oyamba kuchita zimenezi wodwala nachira anali César Roux wa ku Lausanne ndi Charles Mayo wa ku America, m'chaka cha 1926. Komatu sathamangira mpeni, pakuti kungokhudza chotupacho kungathe kukhuthula madzi aja m'mwazi ndi kupha munthu pa tebulo pomwepo. Ayamba ampatsa mankhwala omasula mitsempha, monga phenoxybenzamine kapena doxazosin, kwa sabata limodzi kapena awiri, pamodzi ndi mchere ndi madzi akumwa ambiri. Mankhwala ochepetsa liwiro la mtima abwera pambuyo pake. Akayamba ndi amenewa, mwazi ungathe kuthamanga koposa kale.

Wodwala akachira nchito sinathe. Ayenera kuyezedwa ngati ali ndi jini yolumala, ndipo ikapezeka, ana ake ndi abale ake ayezedwenso. Mwana wopezeka ndi chilema cha RET amchotsa chithokomiro akali wamng'ono, khansa isanayambe, namwa mankhwala olowa m'malo mwake moyo wake wonse. Motero kudwala kwa munthu mmodzi kungathe kupulumutsa banja lonse.

Musachite mantha, anzanga, kuti mutu uliwonse ndi chotupa. Nthendayi ndi yosowa: mwa anthu 100 odwala kuthamanga kwa mwazi, kumene ambiri akutcha BP, sakwana ndi mmodzi yemwe amene ali nayo. Koma kwathu kuno anthu a banja limodzi akamafa mwadzidzidzi akali achinyamata, timafulumira kuloza chala agogo osalakwa kuti ndi mfiti. Ine ndipempha kuti pa tchuthi chikudzachi tikakhale pansi ndi akuluakulu, tikawafunse mwaulemu nthenda zimene zinatenga makolo athu. Ndipo mukaona mbale wanu wachinyamata ali ndi BP yosamva mankhwala, pamodzi ndi mutu, thukuta ndi kugunda kwa mtima kobwera ndi kupita, mperekezeni kuchipatala, ndipo mukawauze adotolo mbiri yonse ya banja lanu osabisa kanthu.

Wophunzira wa Fomu 4