Wodwala Ndiye Amamva Pomaliza

M'zipatala zathu zikuluzikulu, kaya ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, uthenga woti matenda afika posachizika uli ndi njira yakeyake imene umadzera. Dokotala amaitanira pambali wodikirira wodwala, amene tonse timangomutchula kuti gadiyani, n'kumuuza kuti akaitane akuluakulu. Akafika amalume kapena achimwene aakulu, amauzidwa kuti achipatala ayesetsa mbali yawo, chatsala n'kupita naye kunyumba. Abale amakhala upo panja pa wodi, mafoni amalira kumudzi ndi ku Joni, ndipo dzuwa likamalowa mbumba yonse yamva. Amatsala mmodzi yekha, mwini thupi. Iye amangouzidwa kuti, "Akuti muzikamwera mankhwala kunyumba, mupeza bwino." Bodza limeneli silichokera m'nkhanza. Olinenawo ndi anthu amene agona pasimenti masabata angapo chifukwa cha wodwalayo. Komabe ndikuona kuti limamulanda munthu masiku ake otsiriza, ndipo limasiyira otsala mavuto amene akanapeweka.

Ambiri akamva zimenezi amati kuuza munthu kuti imfa yayandikira ndi khalidwe la azungu, ife timaphimba. Koma azungu nawonso ankaphimba, ndipo sikale kwenikweni. Mu September 1951 madokotala ku London adachotsa phapu la kumanzere la Mfumu George VI chifukwa cha khansa, koma mwini wakeyo sadauzidwe dzina la matenda ake, ndipo adamwalira mu February 1952. Ku America, kafukufuku wa Donald Oken wa mu 1961 adapeza kuti madokotala 90 pa 100 alionse amene adafunsidwa ankakonda kusamuuza wodwala kuti ali ndi khansa. Pa kafukufuku wofalitsidwa mu 1979, mafunso omwewo atafunsidwanso, 97 pa 100 alionse adati amamuuza. Mtundu womwewo, m'zaka zosakwana 20, udatembenuka. Ku Japan zidatenga nthawi yotalikirapo: Mfumu Hirohito idamwalira mu January 1989 isanauzidwe kuti ili ndi khansa ya m'matumbo, ndipo anthu wamba adamva dzina la matendawo mfumu itapita kale. Koma pofika 2018 unduna wa zaumoyo m'dzikomo unali ukulimbikitsa mabanja kukhala pansi ndi wodwala ndi achipatala n'kukambirana za chisamaliro chake chotsiriza iye adakali ndi mphamvu zoyankhula. Ku China mabanja ambiri amabisabe, mpaka nkhaniyi idasanduka filimu yotchuka ya mu 2019 yotchedwa The Farewell. Choncho kubisa si mwambo wa Achewa, Ayao kapena Atumbuka okha ayi. N'zimene anthu kulikonse amachita akamaopa, makamaka pamene achipatala alibe choti apereke pambuyo pa uthengawo.

Izi sizikutanthauza kuti titengere njira ya ku Britain kapena ku America momwe ilili. Kumeneko lamulo limati nkhani ya matenda ndi ya wodwala yekha, ndipo dokotala sangauze mkazi kapena mwana wa munthu popanda chilolezo chake. Pali ulemu pamenepo, koma palinso kusungulumwa koopsa. Munthu amalowa yekha m'chipinda cha dokotala, amamva yekha, n'kukwera basi kubwerera kunyumba kumene mwina kulibe womufunsa kuti zayenda bwanji. Amalawi ambiri amene akugwira ntchito yosamalira okalamba ku Manchester kapena ku Leeds amadziwa kuti kuli nkhalamba zimene zimatsirizika dzanja lili m'manja mwa wantchito wolipidwa, ana ali kutali. Ku Japan vuto la anthu omwalira okha m'nyumba n'kupezeka patapita masiku ndi lodziwika mpaka lili ndi dzina lake. Kwathu kuno wodwala samusiya yekha. Gadiyani amaphika phala kukhitchini ya odikirira odwala, amachapa, amamusambitsa, amamutembenuza usiku, amathamangira nesi dripi ikatha. Amayi a Mvano kapena a Dorika amabwera kudzazonda atanyamula ufa ndi nkhuni. Mayiko olemera amalipira ndalama zambiri kuti apeze gawo chabe la zimenezi. Vuto lathu si kusowa anthu pambali pa wodwala, koma kuti anthu onsewo amamuzinga atagwirizana kuti asamuuze chimene iwo akudziwa.

Mtengo wa kubisaku umayamba kuonekera m'thumba. Banja limene lauza wodwala kuti achira liyenera kuchita ngati likukhulupirira zimenezo, ndiye ulendo umayamba: kuchipatala cholipira, kwa sing'anga wa tsidya lina, kwa mneneri wa mapemphero a usiku. Mbuzi zimagulitsidwa, njinga imapita, munda umabwereketsedwa, fizi ya ana imadyedwa ndi mayendedwe. Wodwala mwiniyo akadafunsidwa, kawirikawiri akadati, "Ndalamazo sungirani ana." Koma sangaletse chimene sakudziwa kuti n'chopanda phindu. Ndipo matenda opanda dzina amafuna mwini. Munthu akamangowonda, kumeza kukukanika, chonsecho akuuzidwa kuti kuchipatala sanapeze kanthu, maganizo amathamangira kwa agogo a kuseri kwa nyumba kapena kwa m'bale amene adakangana naye za munda. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya kum'mero ndi khansa ya khomo la chiberekero zili zochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo matenda onse awiriwa amamudya munthu pang'onopang'ono m'njira imene kumudzi amaifotokoza mosavuta kuti walodzedwa. Lamulo la 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti, koma lamulo silifika pasiwa usiku anthu akamanong'onezana. Mawu amodzi a dokotala, onenedwa pamaso pa wodwala ndi abale ake, angapulumutse nkhalamba imene sidalakwe kanthu.

Mtengo wina amalipira mkazi wamasiye ndi ana. Kuyambira 2011 dziko lino lili ndi lamulo la chuma cha masiye limene limati kulanda katundu wa womwalira ndi mlandu, ndipo limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana. Koma aliyense amene adakhalapo pamwambo wogawa katundu akudziwa kuti chimene chimatseka pakamwa achibale adyera ndi mawu a mwini wake, olembedwa mu wilo pamaso pa mboni ziwiri, kapena onenedwa poyera ankhoswe ndi anyakwawa akumva. Munthu amene akuuzidwa tsiku ndi tsiku kuti achira salemba wilo, satchula ngongole zake, sanena kumene kuli mapepala a puloti, ndipo mwana amene adabereka kumbali amadzaonekera tsiku la maliro. Akuluakulu adati nkhanga zidapangana kusanapse. Ife timadikira kuti kupse, kenaka tizikangana pa phulusa.

Chodabwitsa n'chakuti makolo athu sankafa chomwechi. Kumudzi imfa inkabwera anthu akuiona, ndipo wodwala ankaiona pamodzi nawo. Nkhalamba ikazindikira kuti mphamvu zatha inkaitanitsa ana ndi adzukulu, n'kutsanzika: malire a munda ali pamtengo wakuti, ng'ombe ija ndi ya uje, mlongo wanuyu musamutaye, amene ndidamulakwira andikhululukire. Mawu otsiriza a munthu ankalemekezedwa kwambiri moti ophwanya ankaopa kuti mzimu wake suwagoneka tulo. Chimene chidasintha ndi malo amene chidziwitso chimakhala. Tsopano chili m'buku la kuchipatala, lolembedwa m'Chingerezi cha madokotala ndi zilembo zachidule. Wodwala amalisunga yekha bukulo, kulikulunga m'pulasitiki, kuliika pansi pa pilo, chonsecho sangawerenge chimene lalembedwa za iye. Tikamati kubisa ndi chikhalidwe chathu, tikuteteza chizolowezi chimene chidabwera ndi chipatala, ndipo tikupha mwambo wakale wa kutsanzika.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo si zopepuka. Yoyamba ndi yakuti munthu akamva amataya mtima n'kufa msanga, komanso kuti kutchula imfa n'kuiitana. Maganizo amenewa si athu okha. Anthu a mtundu wa Navajo ku America amakhulupirira kuti mawu oipa amabweretsa chimene atchula, ndipo madokotala a kumeneko adakakamizika kuphunzira kuyankhula mozungulira. N'zoona kuti uthenga woponyedwa mwankhaza, pakati pa wodi, odwala ena akumva, ungamugwetse munthu. Koma pamenepo cholakwika ndi kanenedwe. Mu 2010 madokotala a ku Massachusetts General Hospital ku Boston adafalitsa zotsatira za odwala khansa ya m'mapapo yofalikira: amene adayamba msanga kuonana ndi gulu lochepetsa ululu, lomwe limakamba poyera za kumene matenda akupita, adadandaula pang'ono, ndipo adakhala ndi moyo miyezi 11.6 poyerekeza ndi miyezi 8.9 ya anzawo. Kafukufuku mmodzi wa ku Boston sangatiuze zonse za ku Ntchisi, koma akusonyeza kuti kukamba zoona sikufupikitsa moyo mwa iko kokha. Komanso tisadzinamize: odwala ambiri amadziwa. Amaona abale amene sadabwerepo zaka zambiri akufika mmodzimmodzi, amamva kukambirana kukuduka iye akatsegula maso. Ndiye amayamba nayenso kunamizira kuti sakudziwa, pofuna kuteteza omwe akumutetezawo, ndipo nyumba yonse imakhala ikusewera sewero limene palibe akulikhulupirira.

Mfundo yachiwiri ndiyo yolemera. Ku London, Cicely Saunders atatsegula St Christopher's Hospice mu 1967, kunena zoona kudayendera limodzi ndi lonjezo lakuti ululu uthetsedwa ndipo munthu sasiyidwa yekha. Kuno, amatero otsutsa, mukamuuza munthu mumupatsa chiyani, panado? Kwa zaka zambiri wofuna chithandizo chowotcha khansa ndi makina ankayenera kupita ku Zambia, ku Tanzania kapena ku India, ndipo opita anali ochepa. Funsoli n'lachilungamo, koma yankho lake lidayamba kale kupezeka mu Africa momwe muno. Mu 1993 Anne Merriman adayambitsa Hospice Africa Uganda ndi mankhwala a mofini wakumwa, wosungunula m'madzi, wotchipa, woti wodwala angamwe ali kunyumba kwake, ndipo kuyambira 2004 dziko la Uganda lidalola anamwino ophunzitsidwa kulembera odwala mankhwalawa osadikira dokotala. Kwathu kuno kuli Tiyanjane ndi Umodzi ku Queen Elizabeth, kuli Ndi Moyo ku Salima imene adayambitsa Lucy Finch, ndipo mofini wakumwa amapezeka m'zipatala za boma, ngakhale kuti nthawi zina amasowa ndipo midzi yambiri ili kutali. Thandizo limeneli ndi lochepa poyerekeza ndi olifuna, komabe ngakhale lochepalo silimufika munthu amene banja lake likuumirira kuti akuchira. Ndipo kusauka sikuchepetsa kufunika kwa choonadi. Wolemera akawononga ndalama pofunafuna machiritso osatheka amatsala ndi zina, wosauka amatsala ndi ngongole ya katapila.

Ena amati kuvomereza kuti munthu akupita n'kuchepetsa mphamvu ya Mulungu. Koma mipingo yomweyi ndiyo ili ndi kudzoza odwala, mgonero wa kunyumba ndi kulapa, ndipo Asilamu amathandiza womwalira kutchula shahada. Zonsezi zimafuna munthu wodziwa pamene waima. Kupempherera machiritso ndi kukonza za ana sizilimbana.

Ndiponso dziko lino lidaphunzirapo kale kunena zoona pa matenda oopsa. Edzi itafika, maliro ankalengezedwa ndi mawu akuti "adadwala nthawi yaitali," ndipo aliyense ankamva tanthauzo lake mwakachetechete. Mu 1987 Kenneth Kaunda adauza dziko lonse lapansi kuti mwana wake Masuzyo adamwalira ndi Edzi. Mu 2004 Bakili Muluzi adanena poyera zomwezo za mchimwene wake, chaka chimene boma lidayamba kupereka ma ARV aulere. Mu January 2005 Nelson Mandela adaitana atolankhani tsiku lomwe mwana wake Makgatho adamwalira n'kutchula matendawo. Atsogoleri atatuwa adasandutsa chisoni cha m'banja kukhala chilolezo choti ena ayankhule. Lero mlangizi wa pachipatala chaching'ono cha kumudzi amakhala pansi ndi munthu, kumukonzekeretsa, kumuuza zotsatira za magazi ake, n'kumufunsa amene angakonde kumuululira. Palibe amene amati zimenezo n'zachizungu. Luso lomwelo silinasamukire mokwanira ku khansa, ku matenda a impso ndi a mtima.

Chimene ndikuona kuti n'chotheka si kuti dokotala azimulankhula wodwala payekha ngati ku Britain, kapena kuti azilankhula ndi amalume okha ngati momwe tikuchitiramu. Funso loyamba lipite kwa wodwala, zotsatira zisanatuluke n'komwe: "Bambo, tikapeza chimene chikukuvutani, tikuuzeni inuyo kapena tiuze wina? Mukufuna akhalepo ndani?" Alipo amene adzati, "Uzani mwana wanga wamkulu, ine sindifuna kumva," ndipo ameneyo asakakamizidwe, chifukwa wasankha yekha. Ambiri adzati aitanidwe akazi awo ndi mlongo wawo. Pamenepo uthenga uperekedwe m'chinenero chimene munthuyo amalotera, pamalo obisika, pang'onopang'ono, mwina masiku awiri kapena atatu, ndipo utsagane ndi dongosolo la mankhwala a ululu ndi dzina la chipatala chapafupi kumene akawatenge akatha. Izi zimafuna kachipinda kokhala ndi chitseko ndi mphindi zingapo za dokotala kapena namwino amene ali ndi mzere wa odwala panja, ndipo m'zipatala zathu zonse ziwirizi n'zosowa. Zimafunanso kuti amalume, amene adazolowera kulandira uthenga m'malo mwa mbumba, avomere kukhala pampando wachiwiri pamene mwini matenda akufunsa mafunso ake.