Ofuna Kukaphunzira Kunja Ayenera Kuyamba Kukonzekera Kutatsala Chaka Chathunthu

Blantyre: Ogwira ntchito m'boma omwe akufuna kukachita maphunziro a ukachenjede kunja kwa dziko lino, komanso makolo omwe akufuna kutumizako ana awo, ayenera kudziwa kuti ntchito yofunsira malo imayamba kutatsala miyezi 12 mpaka 18 kuti munthu akalowe m'kalasi. Munthu wa ku Soche, Limbe kapena Chilomoni amene akulingalira zokayamba sukulu ku Britain m'mwezi wa Sepitembala, ayenera kukhala atasonkhanitsa kale zikalata zake pofika Julayi wa chaka cham'mbuyo.

Anthu ambiri amadzidzimuka pamene chidziwitso chatuluka m'nyuzipepala kapena kalata yozungulira m'maofesi yafika pa tebulo lawo. Vuto ndi lakuti khomo lofunsira limakhala lotsegula kwa masabata ochepa, pomwe zikalata zomwe zimafunika zimatenga nthawi yoposa pamenepo kuti zipezeke. Chotero ambiri amagwa asanapikisane ndi wina aliyense, osati chifukwa chosowa nzeru, koma chifukwa fomu yawo inapita yoperewera kapena sinapite n'komwe.

Maiko a ku Ulaya, America ndi China amatsegulira sukulu zawo pakati pa Ogasiti ndi Okutobala. Chitsanzo chodziwika bwino kwa ogwira ntchito m'boma ndi thandizo la maphunziro la Chevening, lomwe boma la Britain linayambitsa m'chaka cha 1983 ndipo limalipirira digiri yachiwiri ya Masters ya chaka chimodzi. Wofunsira amayenera kukhala ndi digiri yoyamba, kukhala atagwirapo ntchito kwa zaka ziwiri, zomwe amaziwerenga ngati maola 2,800, kusankha makosi atatu, ndiponso kulonjeza kuti akamaliza adzabwerera kwawo kwa zaka zosachepera ziwiri. Mafomu amatsekedwa chakumapeto kwa chaka, osankhidwa amaitanidwa kukafunsidwa mafunso ku ofesi ya kazembe wa Britain ku Lilongwe m'miyezi yoyambirira ya chaka chotsatira, ndipo zotsatira zimatuluka cha mu Juni. Pofika Julayi, wopambana amayenera kuonetsa kalata yochokera ku sukulu imodzi mwa zomwe anasankha yomupatsa malo popanda chotsalira chilichonse.

Apa ndi pomwe ena amapunthwa. Chevening imapereka ndalama, koma sipereka malo. Malo amafunsiridwa padera ku sukulu yeniyeniyo, ndipo wodikira kuti amve kaye ngati wapata ndalamazo amapeza kuti makosi otchuka adzaza kale.

Masiku otsekera nawonso sakhazikika. M'chaka cha 2024 Chevening inatseka pa 5 Novembala, koma mu 2025 inatsegula pa 5 Ogasiti n'kutseka pa 7 Okutobala. Aliyense amene anadalira tsiku lomwe mnzake wa muofesi anamuuza potengera chaka cham'mbuyo, anachedwa ndi pafupifupi mwezi wathunthu. Ndi bwinonso kukumbukira kuti 12 koloko masana pa nthawi ya GMT ndi 2 koloko masana kuno kwathu, ndipo makina a intaneti samva zoti magetsi anathima ku Zingwangwa.

Thandizo la Commonwealth, lomwe linakhazikitsidwa mu 1959, lili ndi makomo awiri. Wofunsira amalemba fomu pa intaneti ku bungwe loyendetsa thandizoli ku London, koma dzina lake limayeneranso kudzera ku nthambi yomwe inapatsidwa udindo wosankha anthu m'dziko mwake. Kuno ku Malawi udindowu uli m'manja mwa nthambi yoona za ogwira ntchito m'boma ya DHRMD ku Capital Hill, mumzinda wa Lilongwe. Mafomu a ku London amatsegulidwa cha mu Sepitembala n'kutsekedwa mu Okutobala, koma nthambi yosankha ili ndi ufulu woika tsiku lakelake. Wokwaniritsa khomo limodzi n'kuiwala linalo amakhala kuti sanafunsire.

Ena amatseka msanga kuposa apa. Thandizo la boma la Australia la maiko a mu Africa lakhala likutsegulidwa mu Febuluwale n'kutsekedwa kumapeto kwa Epulo. La boma la Japan, lodzera ku ofesi ya kazembe wa dzikolo, limalengezedwa cha mu Epulo kapena Meyi. La Rhodes, lokaphunzirira ku Oxford, lomwe Amalawi amapikisana limodzi ndi anzawo a ku South Africa, Botswana, Lesotho, Namibia ndi Eswatini, limatsegulidwa mu Juni, ndipo la boma la Ireland limakhala lotsegula kwa masabata anayi okha cha mu Julayi. Onsewa ndi a maphunziro oyamba chaka chotsatira. Palinso thandizo la Beit Trust, lomwe ndi la nzika za Malawi, Zambia ndi Zimbabwe zokha. Anthu a mu Blantyre amalidziwa dzinali kudzera ku chipatala cha Beit CURE pafupi ndi Ginnery Corner, koma si onse amene amadziwa kuti bungwe lomweli limalipiriranso maphunziro apamwamba ku Britain ndi ku South Africa.

Dziko la South Africa, komwe Amalawi ambiri odzilipirira okha amapita, limayendera kalendala ina. Sukulu zimatsegulira mu Febuluwale, ndipo mafomu amatsekedwa pakati pa Juni ndi Sepitembala wa chaka cham'mbuyo. Sukulu ya Cape Town imatseka mafomu a digiri yoyamba pa 31 Julayi, pomwe ya Witwatersrand ku Johannesburg imatseka a maphunziro a zaumoyo pa 30 Juni. Sukulu zambiri za kumeneko zimafuna kuti digiri ya ku Malawi iyambe yaunikidwa ndi bungwe la SAQA, ntchito yomwe imatenga masabata angapo ngakhale zikalata zonse zitakhala m'malo mwake.

Zikalata ndizo zimadya nthawi

Chikalata choyamba ndi pasipoti. Kumayambiriro kwa chaka cha 2024, nthambi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko inasiya kusindikiza mapasipoti kwa masabata angapo, ndipo mu Febuluwale chaka chomwecho mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, anauza nyumba ya malamulo kuti makina a nthambiyi anasokonezedwa ndi akathyali a pa intaneti. Amene anali ndi makalata owapatsa malo koma alibe pasipoti analibe pogwira. Mafomu ambiri amafuna nambala ya pasipoti pa tsamba loyamba lenileni, ndipo pasipoti yomwe yatsala pang'ono kutha mphamvu ndi yofunika kuisinthiratu, chifukwa nambala ikasintha ntchito ili mkati, makalata onse amafunika kukonzedwanso.

Chachiwiri ndi transcript, chikalata choonetsa momwe munthu anakhozera phunziro lililonse kuyambira chaka choyamba mpaka chomaliza. Nkhani iyi ikukhudza anthu ambiri a mumzinda uno. M'chaka cha 2021 sukulu ya ukachenjede ya University of Malawi inagawidwa. Polytechnic ya ku Chichiri inasanduka MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana n'kukhala KUHeS, ndipo dzina la University of Malawi linatsalira ku Zomba. Munthu amene anamaliza ku Polytechnic chisanafike chaka chimenecho ali ndi digiri yolembedwa University of Malawi, pomwe sukulu yomwe anaphunzirako lero ikudziwika ndi dzina lina. Wogwira ntchito muofesi yolembera ophunzira ku Leeds kapena ku Pretoria sangaidziwe mbiri imeneyi. Choncho ndi nzeru kufunsiratu ku ofesi ya Registrar za komwe chikalatachi chingatengedwe, ndi kupempha kalata yofotokoza za kusintha kwa dzinali. Sukulu zina za kunja sizilandira transcript yochokera m'manja mwa mwini wake, koma zimafuna kuti itumizidwe ndi sukulu yomwe inaipereka.

Kenaka pali makalata a umboni, omwe kawirikawiri amafunika awiri, ina yochokera kwa mphunzitsi ndi ina kwa bwana wa kuntchito. Mphunzitsi amene anaona wophunzira wake komaliza zaka khumi zapitazo sangalembe kalata yogwira mtima m'masiku awiri, ndipo mwina anapuma kale pantchito. Ulemu wake ndi kuwapempha kutatsala miyezi iwiri, n'kuwapatsa mbiri ya ntchito komanso chifukwa chomwe munthu akufunira kosiyo.

Mayeso a Chingerezi a IELTS kapena TOEFL amagwira ntchito kwa zaka ziwiri zokha. Wowalemba msanga kwambiri akhoza kupeza kuti atha mphamvu asanatenge viza, pomwe wowalemba mochedwa sakhala ndi mpata wobwereza akalephera. Sukulu zina zimakhululukira Amalawi pa mayesowa poona kuti anaphunzira m'Chingerezi, koma izi ziyenera kutsimikizidwa ndi kalata yochokera ku sukuluyo, osati mphekesera.

Mavuto oterewa si achilendo kwa Amalawi. Legson Kayira, yemwe pambuyo pake anakhala mlembi wotchuka, ananyamuka wapansi kumpoto kwa dziko lino mu 1958. Anapeza dzina la Skagit Valley College m'nyumba yowerengeramo mabuku ku Kampala, sukuluyo inamupatsa malo, koma anafika ku America mu 1960 atalimbana ndi nkhani ya pasipoti, viza ndi ndalama ya ulendo. Mtunda lero unafupika, koma zinthu zitatuzi zikadali pomwepo.

Mbali ya boma ngati wolemba ntchito

Wogwira ntchito m'boma ali ndi kalendala ina yomwe anzake a m'makampani alibe. Sangangonyamuka popanda chilolezo cha tchuthi cha maphunziro, ndipo pempho lake limakwera makwerero kuchokera kwa mkulu wa pamalo ake a ntchito mpaka ku likulu la unduna ku Lilongwe. Amene maphunziro ake akulipiridwa ndi boma, kapena amene akufuna kumalandirabe malipiro ali kusukulu, amasaina pangano loti adzabwerera kudzagwira ntchito.

Kuyambira mu 2022, chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, osati Julayi mpaka Juni monga zinkakhalira kale. Izi zikutanthauza kuti maunduna amakonza ndondomeko zawo za chuma, kuphatikizapo ya maphunziro a ogwira ntchito, chakumapeto kwa chaka ndi kumayambiriro kwa chaka chinacho. Namwino wa ku Queen Elizabeth Central Hospital kapena mphunzitsi wa ku Soche Technical College amene wafika kwa abwana ake mu Julayi ndi kalata yomupatsa malo, wafika ndalama zitagawidwa kale ndipo palibe amene anakonzedwa kuti agwirizire malo ake. Chizolowezi chobisa nkhaniyi poopa nsanje ya muofesi n'chomveka, koma chimapweteka mwini wake yemwe. Nthawi yabwino yodziwitsira akuluakulu, polemba kalata, ndi mwezi womwe fomu yatumizidwa.

Ndalama ndi viza

Kwa odzilipirira, nthawi ndi ndalama sizisiyana. Mu Meyi 2022 banki yaikulu ya Reserve inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo mu Novembala 2023 inaichepetsanso ndi 44 pa 100 iliyonse, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Fizi ya madola 10,000 yomwe inali K11.8 miliyoni inafika pa K17 miliyoni m'tsiku limodzi. Chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja komwe dziko lino laona m'zaka zimenezi, pempho lotumiza fizi kudzera ku banki ndi lofunika kuperekedwa kalata ya sukulu ikangofika.

Viza ya ophunzira ya ku Britain ikhoza kufunsiridwa kutatsala miyezi isanu ndi umodzi kuti sukulu iyambe, ndipo yankho limabwera kawirikawiri pakatha masabata atatu. Koma wofunsira amayenera kukhala ndi nambala ya CAS yochokera ku sukulu, chikalata choonetsa kuti alibe chifuwa chachikulu cha TB chomwe chimagwira ntchito miyezi isanu ndi umodzi yokha, komanso umboni wakuti ndalama zokwanira zakhala mu akaunti kwa masiku 28 otsatizana. Ndalama yobwereka dzulo n'kuiika mu akaunti lero siwerengedwa. Kuyambira mu Januwale 2024, ophunzira ambiri a Masters ya m'kalasi saloledwa kutenga mabanja awo, kupatula ochita kafukufuku ndi ena olipiridwa ndi maboma. Dziko la South Africa limafuna kalata ya apolisi yoonetsa kuti munthu alibe mlandu komanso inshuwalansi ya chipatala yolembetsedwa m'dzikomo.

Popeza maofesi a akazembe ali ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 300 kuchokera mu Blantyre, pepala limodzi loiwalika limatanthauza ulendo wina wa basi ndi tsiku lina lojomba kuntchito. Akuluakulu anati linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Si nzeru kugulitsa katundu, kusiya nyumba ya lendi kapena kugula tikiti ya ndege viza isanatuluke.

Ofuna kupita ku America ayenera kusamala kwambiri. Mu Disembala 2025, mtsogoleri wa dzikolo, Donald Trump, anasaina chikalata choika Malawi ndi Zambia m'gulu la maiko omwe nzika zake zinaikiridwa ziletso pa mitundu ina ya viza, kuphatikizapo ya ophunzira, kuyambira pa 1 Januwale 2026. Asanalipire ndalama ya fomu kapena ya mayeso, ndi bwino kufunsa ku ofesi ya kazembe wa dzikolo ku Lilongwe momwe lamuloli likuyendera pa nthawiyo.

Kwa makolo omwe ana awo ali mu Folomu 4, kalendala ya bungwe la MANEB sigwirizana ndi ya kunja. Mayeso a MSCE amalembedwa pakati pa chaka, ndipo zotsatira zikamatuluka sukulu za ku Ulaya zimakhala zikutsegulira. Kuonjezera apo, sukulu zambiri za ku Britain sizilandira MSCE yokha. Zimafuna A-Level, yomwe imatenga zaka ziwiri m'sukulu monga St Andrews ku Nyambadwe kapena Kamuzu Academy ku Kasungu, kapena chaka chimodzi cha maphunziro okonzekera. Mafomu a digiri yoyamba amadzera ku bungwe la UCAS, lomwe limatseka pa 15 Okutobala kwa ofuna Oxford, Cambridge ndi maphunziro a udokotala, ndipo mu Januwale kwa ena onse.

Bungwe la NCHE, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, ndilo limaunika madigiri ochokera kunja. Wogwira ntchito m'boma amene akuyembekezera kudzakwezedwa pantchito ndi pepala lomwe akukalitenga, ayenera kufunsa ku bungweli ngati sukulu yomwe wasankha ndi yovomerezeka asanatumize fomu yoyamba.